Wamkulu nayenso akhale pansi aphunzire

Mukachoka pa boma la Nkhotakota kulowera ku Dwangwa pa msewu wa M5, mumawoloka mtsinje wa Bua utatsala pang'ono kuthira m'nyanja. Madzi ake amachokera kutali ku Mchinji, amadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, kenaka amatsikira kuchigwa komwe alimi amawapatutsira m'minda ya mpunga. Mabanja a dera limeneli amadalira zinthu zinayi: mpunga wa pa sikimu, nsomba za m'nyanja, nkhalango ya nyama, ndi nzimbe za ku Dwangwa. Zinayi zonsezi zilipobe, koma kagwiridwe ka ntchito zake kasintha kwambiri, moti munthu amene anaziphunzira zaka 30 zapitazo n'kulekera pomwepo, lero akuvutika pa ntchito yomwe ankaidziwa bwino.

Ndikufuna tikambirane maganizo ena amene atibweza m'mbuyo ambirife, oti sukulu ndi ya ana, ndipo munthu akangokula, akakwatira kapena akapeza pogwira, zophunzira zatha. Ena amanena monyadira kuti sukulu anamaliza. Ena amanena modandaula kuti sukulu inawakanika. Onsewa amagwirizana pa chinthu chimodzi, choti khomo linatsekeka kale. Ine ndikukana. Ntchito iliyonse yomwe ikudyetsa banja ku Bua ikufuna munthu amene akuphunzirabe, ndipo amene akupita patsogolo ndi okhawo amene avomera kukhalanso pansi n'kumva za anzawo.

Tiyambe ndi mpunga. Sikimu ya Bua ndi imodzi mwa masikimu a mthirira amene boma linakhazikitsa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za dziko lino. Masiku amenewo boma ndilo linkayendetsa zonse. Linkagawa madzi, linkakonza ngalande, linkauza alimi nthawi yofesa ndi yookera, ADMARC n'kudzagula zokolola. Kwa mlimi pankangofunika mphamvu ndi kumvera. Cha m'ma 2000 ndondomeko inasintha, ndipo lamulo la ulimi wa mthirira la 2001 linatsegula njira yoti masikimu aziyendetsedwa ndi alimi eni ake kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi. Mlimi amene dzulo ankangodziwa khasu ndi chikwakwa anapezeka akufunika kulemba zokambirana za pa msonkhano, kusunga buku la zopereka, kumvetsa malamulo a bungwe, kuwerengera ndalama zokonzera ngalande yaikulu, ndi kukambirana mtengo ndi wogula wochokera ku Lilongwe. Sikimu ikamafooka timafulumira kuloza chala mvula kapena mchenga wotseka ngalande. Koma nthawi zina gwero la vuto limakhala lakuti anthu anasenzetsedwa udindo asanapatsidwe luso, kapena anaphunzitsidwa sabata imodzi yokha n'kusiyidwa.

Ngakhale m'munda momwemo zinthu sizili monga kale. Makolo athu ankaokera mbande zokhwima, zingapo pa phando limodzi, munda n'kukhala m'madzi nyengo yonse. Lero alangizi amaphunzitsa njira ya SRI, yomwe inayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980. Mlimi amaokera mbande yanthete yosapitirira masabata awiri, imodzi yokha pa phando, m'mizere yotalikirana bwino. Amathirira n'kusiya nthaka iumeko asanathirirenso, ndipo amapalira kawirikawiri kuti mpweya ufike ku mizu. Mbewu imalowa yochepa, madzi amapita ochepa, ndipo phando lililonse limatulutsa mphukira zambiri. Kwa munthu amene waokera mpunga kuyambira ali mwana, kuona kambande kamodzi kali kokha pa phando kumachititsa mantha. Pamafunika kudzichepetsa kuti ayese kaye pa kachigawo kochepa, ayerekeze ndi mbali inayo, adzawerenge matumba pokolola. Amene wachita zimenezi waphunzira, ngakhale sanakhale pa desiki.

Ku Lifuwu m'boma la Salima akatswiri akufufuzabe za mpunga, ndipo pambali pa Kilombero ndi Faya amene tinawazolowera pali mitundu ina yocha msanga. Mlimi wosafunsa sangaidziwe. Komanso tonse tikudziwa kuti ndalama yeniyeni sili pa mpunga wosapuntha wogulitsa kwa mavenda nthawi yokolola, mtengo uli pansi. Ili kwa amene waphunzira kuumitsa bwino kuti mpunga usasweke pa chigayo, kuusankha, kuulongedza m'mapaketi, ndi kukwaniritsa zomwe a Malawi Bureau of Standards amafuna kuti katundu alowe m'masitolo akuluakulu. Pakati pa mlimi wogulitsa pa msewu ndi mlimi wogulitsa m'sitolo, kusiyana si kukula kwa munda. Wina anaphunzirapo kanthu kena kamene mnzake sanaphunzire.

Tsikirani ku doko. Kumeneko kuli nzeru zakuya zomwe sizinalembedwe m'buku lililonse. Msodzi wamkulu amadziwa mwera usanayambe kuwomba, amasiyanitsa mpoto ndi vuma, amadziwa nyengo yomwe mpasa amakwera Bua kukaswana. Siginala wodziwa ntchito amazindikira pomwe pali usipa ndipo alovi amaponya chilimira potsatira mawu ake. Mnyamata amene walemba mayeso a Fomu 4 n'kumanyoza nzeru zimenezi akudzimana yekha, chifukwa sangazipeze kwina. Koma nayenso msodzi wamkuluyo ali ndi zoti aphunzire. Nyali za parafini zikusiyira malo mababu oyendera batire ndi sola. Nkhafi zikusiyira malo injini, ndipo injini ikafa pamafunika makaniko, amene akasowa pafupi boti limagona pa mchenga masiku. Ogula ambiri tsopano amalipira pa foni kudzera ku Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo amene satha kuwerenga uthenga wotsimikizira malipiro ndi amene amaberedwa.

Lamulo la zausodzi la 1997 linapereka mpata woti asodzi eni ake atengepo mbali posamala nsomba kudzera m'makomiti a m'madoko. Membala wa komiti yotere amafunika kudziwa maukonde ololedwa, nyengo yotseka nyanja, ndi chifukwa chake neti ya udzudzu imapha tsogolo la usodzi. Amayi oumitsa usipa anachoka pa mchenga n'kupita pa thandala, ndipo m'madoko ena a nyanja yathu muli tsopano timanyumba ta pulasitiki toumitsira nsomba ndi dzuwa, momwe ntchentche, fumbi ndi mvula sizifika. Nsomba yotuluka mmenemo imakhala yoyera, imasungika, ndipo imagulidwa pa mtengo wabwino. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli koleji ya boma ya zausodzi. Ndi ana angati a m'madoko a Nkhotakota amene anauzidwapo kuti ntchito ya makolo awo ili ndi koleji yake?

Kusintha kwakukulu koposa kwachitika m'nkhalango. Nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, kale inali ndi njovu zoposa 1,500, koma chifukwa cha kupha nyama mozembera zinatsala zosakwana 100. Mu 2015 bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneku kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Lamulo nalonso linakhwima: kuyambira 2017 wopezeka wolakwa pa milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Njira yakale yopezera ndiwo ndi ndalama inatsekeka, ndipo pamalo pake panabwera ntchito zomwe agogo athu sanazimvepo. Pakufunika oyang'anira nkhalango odziwa wailesi ya mauthenga ndi GPS, okonza mpanda wamagetsi woyendera sola, operekeza alendo, ophika ndi olandira alendo m'malo ogona monga Bua River Lodge ndi Tongole, komanso oweta njuchi m'ming'oma yamakono m'midzi yozungulira.

Bambo amene anakulira m'mbali mwa nkhalangoyi, wodziwa mapazi a nyama iliyonse ndi kulira kwa mbalame iliyonse, ali kale ndi theka la ntchito ya woperekeza alendo. Theka linalo ndi Chingerezi chokwanira kucheza ndi mlendo, chithandizo choyamba munthu akavulala, ndi malamulo a chitetezo. Zimenezi zimaphunzirika. Ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife, ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism. Tikapanda kukonzeka, ntchito zapamwamba zidzatengedwa ndi ochokera kutali, ife n'kutsala tikudandaula kuti atilanda pakhomo pathu pomwe.

Ku Dwangwa nkhani ndi yomweyo. Fakitale ya shuga yakhalapo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ya Ethco inayamba kupanga ethanol mu 1982. Wodula nzimbe amalembedwa nyengo yodula ikafika, ikatha amabwerera kwawo. Amene waphunzira kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, kapena kuyendetsa ndi kukonza thirakitala amafunika chaka chonse. Mlimi wa nzimbe wa munda wakewake, amene malipiro ake amadalira kuchuluka kwa shuga m'nzimbe zake, akapanda kumvetsa pepala la malipiro ndi zodulidwa zake sangadziwe ngati walandira zoyenera.

Nanga inu a m'maofesi, aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi? Musaganize kuti nkhaniyi yakudumphani. Mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna kukwera ali ndi njira: Domasi College of Education, Nalikule College of Education yomwe inatsegulidwa mu 2017, kapena maphunziro a patali a Mzuzu University, amene munthu amachita osasiya ntchito. Mlangizi wa zaulimi ali ndi LUANAR. Bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba limafuna umboni woti munthu wakhala akuwonjezera luso lake lisanamupatsenso chilolezo chogwirira ntchito, chifukwa mankhwala ndi njira zochizira zimasintha. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain anakakhalanso m'kalasi ku Edinburgh mpaka 1941, ali bambo wamkulu kale. Pa zambiri zomwe Amalawi amasiyana maganizo za iye, ichi chokha ndi choti aliyense atengerepo phunziro.

Pano ndiyenera kunena mosabisa za matenda amene alowa m'maofesi mwathu. Misonkhano yophunzitsana luso yasanduka malo okatengerako alawansi. Munthu amafunsa kuti kuli zingati asanafunse kuti kukaphunzitsidwa chiyani. Yemweyo amapita ku msonkhano uliwonse, pamene amene akugwira ntchito yeniyeniyo kumudzi sanaitanidwepo. Ena akuthamangira mapepala okha, digiri pamwamba pa digiri, koma odwala, ana a sukulu ndi alimi amene amawatumikira sakuona kusintha. Zimandipweteka, chifukwa ndalama zomwe zikupita kumeneko zikanaphunzitsa makomiti a madzi ndi a m'madoko ambirimbiri. Umboni wa kuphunzira ndi ntchito yomwe yayamba kuyenda bwino kuposa kale.

Tsono n'chiyani chimatiletsa? Choyamba ndi manyazi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'mwamba, pafupifupi 69 mwa 100 alionse ndi amene amatha kuwerenga ndi kulemba. Otsalawo si ana okhaokha, muli abambo ndi amayi a mabanja awo. Sukulu za kwacha zakhalapo m'dziko muno zaka zambiri, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko yake ya dziko lonse mu 1986, koma pitani mukaone amene amakhala pa mkeka: ambiri ndi amayi. Abambo amaopa kusekedwa. Amalolera kudinda chala pa pepala la ngongole lomwe sakulimvetsa kusiyana n'kuti anthu awaone atanyamula kope. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la masiku ano ndi ngongole ya katapira, mbewu yachinyengo, ndi munda wogulitsidwa pa pepala lomwe mwini wake sanaliwerenge. Woyenera kuchita manyazi ndi amene amaseka mnzake wofuna kudziwa.

Chachiwiri chimagwera amayi. Kuyambira 1993 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwereranso m'kalasi. Koma ndondomeko ya pa pepala siilera mwana, siitunga madzi, siiphika nsima. Mayi amene akufuna kulembanso mayeso a MSCE kapena kukaphunzira kusoka, zamagetsi kapena zomangamanga amafunika munthu womugwirira zina pakhomo. Abambo anzanga, mkazi wanu akaphunzira, phindu lake limalowa m'nyumba mwanu momwe. Apongozi ndi azakhali, kumutengera mwana masana awiri pa sabata ndi chithandizo chachikulu kuposa malangizo onse amene tingamupatse.

Chachitatu ndi nthawi, ndipo apa mlandu si wa wophunzira. Msodzi amagwira ntchito usiku n'kugona masana. Mlimi wa pa sikimu sangachoke m'munda nthawi yookera kapena yopirikitsa mbalame. Wodula nzimbe amapuma fakitale ikatseka nyengo ya mvula. Maphunziro amene amakonzedwa motsatira kalendala ya ofesi ya ku Lilongwe amapeza mabenchi opanda anthu, kenaka lipoti n'kunena kuti anthu akumudzi alibe chidwi. Chidwi chilipo. Phunzitsani asodzi nthawi ya mwezi wowala pomwe usipa sugwidwa kwambiri, kapena nyengo ya mwera pomwe mabwato amakhala kumtunda. Phunzitsani alimi mpunga ukalowa m'nkhokwe. Phunzitsani m'chilankhulo chomwe anthu amalankhula, pa doko pomwepo, pa sikimu pomwepo.

Makomo ena ndi otseguka kale, kungoti sitiwalengeza mokwanira. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi njira yoyesa munthu amene anaphunzira luso lake pa ntchito, monga kalipentala, mmisiri womanga kapena makaniko wa pansi pa mtengo, n'kumupatsa satifiketi yovomerezeka. Pepala limenelo ndi lomwe limamulola kupikisana nawo pa ntchito zomanga sukulu ndi zipatala za m'dera lake lomwe. Kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, ndipo Nkhotakota ili ndi yake ku Mbandira. Sukulu zambiri za sekondale zili ndi makalasi a masana a anthu ofuna kulembanso mayeso, ndipo Malawi College of Distance Education ilipo chifukwa cha anthu oterewa. Wailesi ya m'dera ya Nkhotakota imafika m'midzi ndi m'madoko momwe nyuzipepala sifika. Foni yomwe timathera nayo mayunitsi pa Facebook ikhoza kuonetsanso makaniko mmene amamasulira injini yomwe sanaionepo.

Olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka 1 peresenti ya ndalama za malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro a luso. Ndi bwino kufunsa kuti mwa ndalama zomwe zimachokera m'boma la Nkhotakota, ndi zingati zimabwerera kudzaphunzitsa anthu a konkuno. Makhansala ndi aphungu athu azifunsa funso limeneli mokweza. Makampani a m'derali asamangodikira munthu wophunzira kale, azikweza amene ali nawo. Mafumu athu aakulu, a Malengachanzi, a Mphonde, a Kanyenda ndi anzawo, mawu awo amamveka kuposa a mlangizi aliyense. Gogo chalo akanena pa bwalo kuti bambo wopita ku sukulu ya kwacha ndi wolemekezeka, oseka adzatseka pakamwa. Ansembe, abusa ndi mashehe ali ndi nyumba zopemphereramo zomwe zimakhala zopanda anthu masana ambiri pa sabata, komanso ali ndi akhristu ndi asilamu opuma pa ntchito ya uphunzitsi amene angathandize.

Sindikulonjeza kuti aliyense wophunzira adzalemera. Alipo achinyamata a madigiri amene akuyendabe ndi maenvelopu m'matauni, ndipo ululu wawo ndi weniweni. Maphunziro paokha sangakweze mtengo wa mpunga kapena kutsitsa wa feteleza. Koma pakagwa zovuta, monga madzi osefukira amene anasamutsa anthu ambiri ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, amene amadzuka msanga ndi amene ali ndi luso loposa limodzi, amene amatha kuwerenga, kuwerengera, ndi kufunsa. Ndipo mwana amene amaona bambo ake kapena mayi ake atagwira kope madzulo safunika kukakamizidwa kupita ku sukulu m'mawa.

Choncho pempho langa kwa inu owerenga, kaya muli pa sikimu, pa doko, m'kalasi kapena mu ofesi, ndi loti musankhe chinthu chimodzi chomwe ntchito yanu ikufuna koma simukuchidziwa. Chikhoza kukhala kusunga buku la ndalama, kukonza pampu, kulemba kalata yofunsira ntchito, kugwiritsa ntchito kompyuta, kapena kuwerenga kumene. Fufuzani amene akuchidziwa, ngakhale atakhala mwana wobadwa inu mukuona, mupite mukamupemphe akuphunzitseni chaka chino chisanathe. Ndipo inu amene mukudziwa kanthu, munthu wamkulu akabwera kudzafunsa, mulandireni mwaulemu, chifukwa kuti afike pakhomo panu walimbana ndi zambiri.